Kachidutswa Kachikhumi

1. Ntchito ya akuluakulu

Kwathu ku Sefrou, kuti Paskha yayandikira umadziwira mphuno. Ikatsala milungu iwiri, khwalala lonse limanunkha njereza ndi sopo, matiresi onse ali padenga, ndipo amuna amayenda monyang'ama ngati alendo m'nyumba zawo zomwe. Masiku asanu ndi atatu a chikondwerero, m'nyumba ya Myuda simuyenera kupezeka mkate wotupitsa, ngakhale kanyenyeswa koti nyerere n'kunyamula. Tonse timadya matsa, mkate wouma uja wopanda chotupitsa.

Chaka chimenecho Simi, mwana wamkazi wa a Makhluf atelala, anali ndi zaka khumi ndi zitatu. Mutu unalipo ndithu, kusukulu ankakhoza, koma anali ndi nthenda imodzi: ankafuna dziko lonse lidziwe kuti iye ndi wochenjera. Mayi ake anamwalira iye akadali wakhanda. Amene anamulera, pamodzi ndi mkulu wake Solika, anali azakhali awo a Zohra, mayi amene sankakhulupirira kuti mbale ingayere ngati sanaitsuke okha.

Madzulo oti mawa lake Paskha iyamba, bambo wa nyumba amafufuza mkate ndi kandulo. Koma poti akazi amakhala atasesa kale paliponse, wina amabisa tizidutswa khumi kuti wofufuzayo asadalitse ntchito yopanda kanthu. Zaka zonse ankabisa ndi Solika. Chaka chino Solika anali wotomeredwa ndi Eliyahu, mwana wa mayi Freha, ndipo ankamalizitsa mphatso ya apongozi akewo. Ntchito inagwera Simi.

"Mvera bwino, iwe," anatero azakhali, akudula mkate pakhomo, khosi atatulutsira kunja kuti nyenyeswa zisagwere m'nyumba. "Tizidutswa ndi khumi. Kalikonse ukakulunge m'pepala. Ukabisa, ulembe pamene wabisa. Usadalire mutu wakowo, mutu ndi dengu lobooka. Usabise m'mabuku, usabise m'zovala, ndipo kumene kuli ziwiya za Paskha usapondeko. Ubise poti munthu wa mawondo opweteka angafike. Uwu si mpikisano. Bambo ako akapeza msanga, tonse tidya msanga. Komanso chaka chino maso a anthu ali pa nyumba ino. Mayi Freha ananena ine ndikumva kuti iwo mpongozi samuyang'ana nkhope, amayang'ana Paskha ya kwawo. Chitomero cha mwana wawo woyamba anachithetsa chifukwa cha njere imodzi ya tirigu imene anaipeza mumchere wa anthu. Imodzi yokha. Ukalakwitsa lero, wolira ndi mkulu wako. Wamva?"

"Ndamva, azakhali."

Anamvadi, koma m'makutu mwake munali mawu ena. Chaka chilichonse a Makhluf ankapeza tizidutswa tonse dzira lisanapse pamoto, kenako n'kuzimitsa kandulo, n'kufunsa monyada: "Kodi m'nyumba muno mulibe munthu wodziwa kubisa?" Funso limeneli linkamuwawa Simi ngakhale wobisayo sanali iye.

Tisanu ndi tinayi anabisa m'malo wamba, osalemba n'kamodzi komwe. Kachikhumi anakagwira m'manja akuzungulira nyumba, mpaka analowa kuchipinda chogona. Pamwamba pa bokosi panali mphatso ija, yongomalizidwa masana omwewo: nsalu ya veleveti yobiriwira, yosokedwa maluwa a ulusi wagolide, yokhala ndi matumba atatu oikamo matsa atatu a patebulo la Paskha. Solika anaisoka miyezi itatu.

Simi anamwetulira. Analowetsa kachidutswa m'thumba lapakati, mpaka pakona.

"Apa ndiye bambo afufuza mpaka Mesiya abwere," anatero chapansipansi.

Nthawi yomweyo azakhali anamutuma padenga kukatsitsa mabulangete. Ali komweko anamva mawu a Eliyahu pakhomo akupereka moni, koma sanasamale. Mnyamatayo ankapeza chifukwa chodutsira pamenepo katatu pa tsiku.

2. Tisanu ndi tinayi

Nyenyezi zitangotuluka, a Makhluf anayatsa kandulo, anatenga nthenga ya nkhuku yosesera nyenyeswa ndi mbale yakale, n'kunena dalitso. Dalitso likanenedwa palibe kucheza ndipo palibe kudya mpaka ntchito ithe. Mphika wa nyemba unali pambaula, ukununkhira mopanda chisoni.

Koyamba anakapeza kuseri kwa chitseko. Kachiwiri pazenera. Anayenda nyumba yonse ngati munthu wokolola m'munda mwake, ana ndi azakhali akutsatira pambuyo. Posakhalitsa m'mbale munali tisanu ndi tinayi. Anatembenuka, n'kukweza chala chimodzi, nkhope ikunena kuti katsala kamodzi, dikirani muone.

Anadikira. Anadikiranso.

A Makhluf anabwerera kuseri kwa chitseko. Anasuzumira mumtsuko. Anakwera pampando, mpando unalira, iwo anatsika. Anakwawira pansi pa bedi mpaka kunja kunangotsala mapazi, ndipo patapita kanthawi kunamveka kugunda kwa mutu, kenako fungo la ndevu zowauka. Anatuluka akudzipuputa pachibwano, pakamwa podzaza mawu amene lamulo silinawalole kunena.

"Mmm?" anatero, akuyang'ana Simi.

Azakhali analemba ndi chala pachikhatho, kufunsa pepala lija. Simi analoza mutu wake. Azakhali anayang'ana kudenga, milomo ikugwedera.

Kunena zoona, Simi ankasangalala. Tsiku limene ankalilakalaka linali litafika. Koma mimba ya azakhali italira kachiwiri, anaona kuti zakwana, bola akasunthe kachidutswako akaike poonekera. Anazemba n'kulowa kuchipinda.

Pabokosi panalibe kanthu.

Anayang'ana pansi, anayang'ana kuseri. Anatuluka, n'kukoka Solika pa diresi.

"Achemwali, nsalu ija ili kuti?" ananong'ona.

"Yapita kwa apongozi," anayankha Solika, nkhope ikuwala. "Azakhali aikulunga, Eliyahu watenga. Khala chete, bambo akufufuza."

Apa ndi pamene Simi akanayenera kuyankhula. Kwa mayi Freha si kutali, munthu akanapita n'kubwerako nyemba zisanazizire. Koma anaona nkhope ya mkulu wake, anaona ndevu za bambo ake, mantha anamugwira. Pamsomali pafupi ndi khomo panapachikidwa kadengu ka mkate wodya m'mawa, wotsiriza chikondwerero chisanayambe. Anatsinako pang'ono, anakulunga m'pepala, n'kuponya mu silipasi ya bambo ake imene inavuka pokwawa paja.

A Makhluf anavala silipasi, anaima, anavulanso.

"Khumi," anatero, akupumira m'mwamba. Ananena mawu otsekera ntchito, n'kuzimitsa kandulo. "Mwana iwe, chaka chino wandigwetsa thukuta. Uli ndi mutu. Zohra, wamuona mwana wanga?"

Amenewa ndiwo mawu amene Simi ankawafuna zaka zonsezi. Atawamva anachita manyazi, moti sanathe kuwayang'ana bambo ake.

Pakudya, a Makhluf anayamba kuphunzitsa monga mwa chizolowezi chawo.

"Ana inu, mawu ndanena pomaliza paja muwamvetse. Ndauza Mulungu kuti mkate uliwonse umene watsala kwa ine, umene sindinauone ndiponso sindikuudziwa, ukhale ngati fumbi lapansi. Iye amadziwa kuti maso a munthu amatopa, ndipo mbewa siuza mwininyumba kumene yakokera chakudya. Koma mawu amenewa satsuka mkate umene munthu akuudziwa. Umenewo ndi wako ndithu, ngakhale uli kutsidya kwa mtsinje. Makolo athu potuluka ku Iguputo sanadikire kuti mtanda utupe, ananyamuka momwemo. Ndiye munthu amene akudziwa pamene pali kachidutswa, n'kukhala patebulo kumaimba za ufulu, ameneyo latuluka ndi thupi lokha, mtima udakali kwa Farao. Simi, bwanji sukudya?"

"Ndakhuta, bambo."

"Wakhuta chiyani, mphepo?" anafunsa azakhali, n'kumuwonjezera nyemba.

3. Pakhomo pa mayi Freha

M'mawa mwake makwalala anadzaza utsi. Banja lililonse limatentha mkate wotsala dzuwa lisanakwere kwambiri, ndipo nthawi ikadutsa yadutsa. Madzulo ake ndiye phwando.

Nkhani ya Simi inali yoonekeratu. Akakhala chete, mayi Freha akapeza mkate patebulo lawo la Paskha, m'mphatso ya mpongozi, ndipo ukwati uthera pomwepo. Akaulula, mwina utheranso pomwepo. Tsono iye, mwa kuchenjera kwake kuja, anapeza njira yachitatu: kupita, kupereka moni, kulowetsa zala ziwiri m'thumba, n'kukataya kachidutswako mumtsinje. Azakhali atatembenuka, anatuluka.

Mayi Freha anali munthu wamfupi, wathupi, wa mawu omveka makwalala awiri. Pa Paskha ankatsuka ngakhale makiyi ndi misomali ya m'khoma. Iwo anamuona Simi asanagogode n'komwe.

"Ndiwe mng'ono wake wa Solika. Wadya chiyani m'mawa uno?"

"Mkate pang'ono, mayi."

"Ima pomwepo."

Anamuvula nsapato. Anamutembenuza matumba. Anamukutumula diresi ngati chiguduli, anamupesa tsitsi, anamuyang'ana m'zikhadabo. Kenako anamupatsa madzi kuti achukuche m'kamwa katatu, kulavulira m'ngalande.

"Wadzatani?"

"Ndimati ndidzakuthandizeni ntchito."

"Kundithandiza ine? Amuna anga ndakhala nawo zaka makumi atatu, mpaka lero sindiwalola kugwira supuni ya Paskha. Panopa ndawathamangitsira kometa pamodzi ndi Eliyahu. Lowa, ukhale pa kampando apo, manja pamawondo."

Pabwalo la m'kati panali amayi atatu oyandikana nawo nyumba, ndipo patebulo panali phukusi loyera, losamasula. Simi anamvetsa tsopano chifukwa chake kunalibe phokoso dzulo. Mayi Freha, amene ankafufuza ngakhale m'makutu mwa mphaka, phukusi ili lokha analisiya dala kuti alimasule anthu akuona.

Anamasula. Golide uja anawala padzuwa.

"Taonani manja a mpongozi wanga," anatero. "Kusoka kotereku mungakupeze kuti? Ngakhale kumzinda waukulu wa Fes mungayende mpaka nsapato kutha."

"Ndi golide weniweni kapena mkuwa?" anafunsa mayi wina wowonda, amene nayenso anali ndi mwana wamkazi wosakwatiwa.

"Funso la njiru limenelo, mayi. Yang'anani ndi maso, manja kumbuyo."

Simi anadzuka pang'onopang'ono. "Mayi, bwanji ndikuonetseni matumba ake m'mene anawasokera? Muli luso lina m'katimo."

Dzanja lake lisanafike, linalandira mbama ya chipande.

"Manja amene agwira mkate m'mawa uno? Bwerera pa kampando."

Anabwerera. Patapita kamphindi anayesanso. "Mayi, ndikumva ngati china chikupserera kukhitchini."

"Kukhitchini kwanga sikupserera kanthu popanda chilolezo changa."

Kunja kunadutsa mkulu wosamalira sunagoge, akumenya zitseko ndi ndodo. "Otsala tenthani, nthawi yatsala pang'ono."

Mayi Freha anasamba m'manja, anatsegula dengu latsopano, n'kutulutsa matsa atatu osankhika. "Tiyese ngati akukwana," anatero. Anatsegula thumba lapakati ndi dzanja lamanzere. Simi anaona kuti njira yake yachitatu yatha.

"Mayi, musaike."

"Wati chiyani?"

"M'thumba limenelo muli mkate." Mawu anatuluka aang'ono, koma onse anamva. "Ndinaika ndine. Achemwali sakudziwa, azakhali sakudziwa. Ndimafuna bambo alephere kukapeza."

Amayi atatu aja anabwerera m'mbuyo ngati patebulo pagwa njoka. Wowonda uja maso anali kale kukhomo, nkhani ikumuyabwa pakamwa.

Mayi Freha sanakalipe, ndipo zimenezo zinali zoopsa kuposa kukalipa. Anabweza matsa m'dengu, n'kuvundikira.

"Chopanira makala," anatero.

Wina anawapatsa. Analowetsa m'thumba, anafufuza, n'kutulutsa kapepala kokulunga, kakang'ono ngati chala cha mwana. Pakona pake panali pong'ambika.

4. Moto wotsiriza

Moto wa mayi Freha unali utazima kalekale. Iwo amatentha tambala asanatsike, phulusa n'kusesa.

"Iwe, nyamula nsaluyo, manja ako ndi odetsedwa kale. Nditsate."

Anthu a m'khwalala lathu anaonapo zambiri, koma mayi Freha akuthamanga anali asanawaonepo. Chopanira patsogolo, mpango uli pambali, mpweya ukuvuta. Pambuyo pawo Simi ndi nsalu, pambuyo pa Simi amayi atatu, pambuyo pa amayiwo aliyense amene analibe chochita.

"Patukani, mkate ukudutsa," ankafuula, ndipo anthu ankakanirira kumakoma. Wogulitsa ndiwo wina wachisilamu anakokera bulu wake pambali, n'kufunsa ngati kwagwa maliro.

Moto woyamba anaupeza atathira madzi. Wachiwiri unali phulusa lokhalokha. Utsi unkaonekabe malo amodzi okha, ndipo Simi atazindikira malowo analakalaka nthaka itang'ambika.

A Makhluf anali atachedwa. Monga timachitira, anaponya pamoto nthambi ya kanjedza youma imene anapemphera nayo pa Chikondwerero cha Misasa, ndiye moto wawo unali udakali ndi mphamvu. Anaima pambali akuuza mnzawo wina za mwana wawo wanzeru amene anawakwawitsa pansi pa bedi. Solika ndi azakhali anali pakhomo.

"Asewere," anatero mayi Freha, akupuma movutika, "mwatentha tingati?"

"Khumi, asewere. Ndawerenga kawiri."

"Nanga aka?"

Anatsegula chopanira. Kapepala kanagwera pamoto, kanapindika, kanada. Khamu lonse linakayang'ana mpaka kanatha. Kumapeto kwa khwalala mkulu wa ku sunagoge anamenya ndodo komaliza.

A Makhluf anayang'ana moto, anayang'ana nsalu, anayang'ana mwana wawo.

"Kachikhumi ndi kameneko, bambo," anatero Simi. "Ndinakabisa m'nsalu ya achemwali."

"Nanga kamene ndinaponda mu silipasi?"

"Ndinatsina pa mkate wa m'mawa."

"Ndiye kuti ine ndinakuyamikira bodza."

"Inde, bambo."

Mnzawo uja anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi ntchito kwawo. Azakhali anagwira mutu ndi manja awiri. "Ndinati ulembe. Ndinanena kapena sindinanene? Wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu."

"Mkate wapsa nthawi isanathe," anatero mayi Freha. "Koma pepala linali long'ambika. Nyenyeswa zalowa m'misoko, ndipo veleveti sachapa. Nsalu iyi patebulo langa singafike, chaka chino kapena chaka china."

Azakhali anayamba kuchonderera. Anati aikutumula, anati aipesa ndi burashi, anati akaisungitsa kwa mnzawo wachisilamu mpaka Paskha ithe. Mayi Freha sanawayang'ane n'komwe. Maso awo anali pa Solika.

Solika anatsika pakhomo. Anatenga nsalu m'manja mwa Simi osamuyang'ana. Anaitambasula, anasisita duwa limodzi ndi chala, kenako anawerama n'kuiika pamoto yekha. Misozi inkatsika mpaka pachibwano. Fungo la veleveti linadzaza khwalala.

Mayi Freha anakonza mpango wawo.

"Ndikudziwa zimene mumanena ine ndikadutsa," anatero, akuyang'ana khamu. "Mumati Freha ndi wovuta. Ndine wovuta, inde, ndipo sindisintha. Koma maso ndili nawo. Nyumba iyi ili ndi ana awiri. Wina wadzivula ulemu pamaso pa akazi atatu amiseche kuti ine ndisadye tchimo madzulo ano. Wina watentha ntchito ya manja ake popanda kundipempha kuti nditsinzine. Ukwati ulipo, asewere, tsiku lake lomwe lija. Zohra, tseka pakamwa, ntchentche zilowa."

Simi anamva ngati amutula mtolo wa nkhuni. Anayamba kumwetulira.

"Iwe usaseke," anatero mayi Freha, akumuloza ndi chopanira. "Mvera, chifukwa sindibwereza. Kuulula ndi chinthu chabwino, koma sikubweza chimene chapsa. Ukanayankhula dzulo, bambo ako akanangoyenda makwalala awiri, phukusi likanabwerera mwakachetechete, nkhani ikanathera m'nyumba mwanu. Unadikira chifukwa unkaopa manyazi ang'onoang'ono, ndiye lero wapeza aakulu, ndipo walipira ndi mkulu wako amene sanalakwe kanthu. Nzeru zongofuna kugwetsa ena n'zimenezo, zimagwetsa amene wayandikana nawe. Tsono patebulo langa pakusowa nsalu. Paskha ikatha, tsiku lililonse ukaweruka kusukulu uzibwera kwanga. Usoka ina, yofanana ndi yomweyi, matumba atatu, duwa lililonse, ine nditakhala pambali pako. Ithe ukwati usanafike. Asewere, mukuvomera?"

"Mutengeni," anatero a Makhluf, osakweza mutu.

Khamu linayamba kubalalika, aliyense akuthamangira kukauza amene sanaone. Solika anapukuta nkhope n'kutembenukira kukhomo. Simi anamutsatira.

"Achemwali, pepani."

Solika anaima. Anamuonetsa nsonga za zala zake, zolasidwalasidwa ndi singano.

"Ukwati wapulumuka, ndamva," anatero mosakweza mawu. "Koma usanditchule achemwali mpaka nsaluyo utaimaliza."

Analowa, n'kutseka chitseko cha kuchipinda. Simi anatsala pakhomo akuyang'ana manja ake. Mwana wa telala, zaka khumi ndi zitatu, anali asanalowetsepo ulusi pa singano.